Kuchokera pa Mtengatenga Kufika pa Kabaza: Mbiri ya Ulendo wa ku Ntchito kwa Kuntaja

Anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja ku Chileka, pamodzi ndi anansi awo a ku Lunzu ndi ku Lirangwe, akhala akulawirira ku ntchito mumzinda wa Blantyre kwa zaka zoposa 100. Bwalo la ndege la Chileka lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa mzindawu, pomwe Lirangwe ili pa makilomita oposa 30 mumsewu wa M1 wopita ku Zalewa. M'zaka zonsezi, munthu woyenda yekha m'galimoto yake wabwera dzulodzuloli, ndipo mpaka lero otere ndi owerengeka. Ambiri akhala akuyenda limodzi: wapansi, panjinga, m'basi, kumbuyo kwa lole, m'minibasi, ndipo tsopano pa kabaza.

Chiyambi cha maulendowa ndi katundu wa azungu. Amishoni a Church of Scotland adakhazikitsa Blantyre mu 1876, ndipo mu 1878 kudabwera kampani ya African Lakes, yomwe anthu adaitcha Mandala. Sitima zapamadzi sizinkatha kudutsa mathithi a pakati pa mtsinje wa Shire, choncho katundu ankamutsitsa kwa Katunga, n'kukwera naye ku Blantyre, kenaka n'kutsetsereka naye ku Matope komwe ankamukwezanso m'sitima zopita kunyanja. Njira ya ku Matope inkadzera mbali ya Lunzu ndi Lirangwe. Onyamula katunduyu pamutu anali amtengatenga, ndipo ena ankasenza azungu eniakewo pa machila. Boma la atsamunda litakhazikika mu 1891 lidabweretsa msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, ndipo amuna a m'midzi adayamba kufuna ntchito yolipidwa, afune asafune. Motero anthu oyamba a dera lino kupita ku ntchito m'tawuni analibe chokwera. Iwo eni ndiwo anali chokwera cha ena.

Tawuni ya atsamunda inkafuna manja a anthu akuda koma sinkafuna kuwapatsa pogona. Malo a pakati pa Blantyre ndi Limbe anali a azungu ndi amwenye, pomwe ophika, alonda, oumba njerwa ndi onyamula katundu m'masitolo ankakhala m'midzi yozungulira. Kuchokera pamenepo kudabadwa chizolowezi chodzuka tambala woyamba, kuyenda m'magulu pofuna kulimbitsana mtima mumdima, ndi kubwerera dzuwa litalowa. A kumidzi ya kuseri kwa phiri la Michiru, omwe mtunda unkawakulira, ankagona kwa achibale kufupi ndi tawuni mkati mwa sabata n'kumapita kwawo Loweruka. Mchitidwe umenewu sudathe. Alonda ndi antchito a m'nyumba ambiri amautsatabe pofuna kupulumutsa ndalama yoyendera.

Njinga yakapalasa ndiyo idayamba kufupikitsa mtundawu. Poyamba inali ya aphunzitsi, akalaliki ndi amuna obwera kuchokera ku Salisbury kapena ku migodi ya ku Joni, ndipo Humber kapena Raleigh pakhonde inkaonetsa kuti mwini nyumba wayendako. Pambuyo pake njinga zotsikirapo mtengo zochokera ku India ndi ku China zidafika m'manja mwa anthu wamba. Mwa zokwera zonse za dera lino, njinga ndiyo yatumikira nthawi yaitali popanda kudukiza. Sifuna mafuta, amisiri oikonza amapezeka pansi pa mtengo uliwonse, ndipo imanyamula munthu pamodzi ndi malonda ake. Amene wayendapo m'bandakucha mumsewu wa Chileka kapena wa Zalewa amadziwa mzere wa amuna okankha njinga zolemedwa ndi makala, nkhuni ndi ndiwo zamasamba. Amenewonso amakhala akupita ku ntchito, ngakhale kuti omanga misewu sadawaganizire kowasiyira mpata wawo m'mbali mwa tala.

Njanji idafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mu 1935 idapitirira mpaka ku Salima, kudzera pa Lirangwe. Koma sitima yapamtunda adaikonzera fodya, thonje, tiyi ndi apaulendo wautali. Ndondomeko yake sinkagwirizana ndi nthawi yolowera ndi yowerukira ku ntchito, ndipo kampani ya Central East African Railways itatenga njanjiyi mu 1999, mtima wake udali pa katundu. N'zodandaulitsa kuti njanji yodutsa m'midzi yodzaza ndi ogwira ntchito, n'kukalowa m'kati mwenimweni mwa Blantyre ndi Limbe, sidawanyamuleko tsiku ndi tsiku.

Mabasi oyenda pa nthawi yoikika adayamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pansi pa Nyasaland Transport Company, yomwe dziko litalandira ufulu idadziwika kuti United Transport Malawi kapena UTM. Depoti yaikulu ya ku Blantyre imatchedwa Wenela, dzina lochokera ku bungwe lomwe linkalemba amuna ntchito za ku migodi ya ku South Africa. Nyengo ya UTM idagwirizana ndi kukula kwa mafakitale mumzindawu: David Whitehead and Sons, Carlsberg yomwe idatsegula mu 1968, ndi ena a ku Makata ndi ku Chirimba. Makampani ena ankanyamula antchito awo pa mabasi kapena malole awoawo, makamaka ogwira usiku. Msewu wa Chileka nawo unkasamalidwa chifukwa cha bwalo la ndege, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adatsikira pa 6 July 1958, ndipo lidakhala khomo lalikulu la dziko lino mpaka bwalo la ku Lilongwe litatsegulidwa.

Basi ya nthawi imeneyo inali ndi zovuta zake. Inkachedwa, inkadzaza mpaka ena n'kuimirira, ndipo ikakusiya unkadikira nthawi yaitali. Komabe inali ndi mtengo wodziwika, tikiti, ndi nthawi yonyamukira yomwe munthu ankatha kukonzerapo tsiku lake. Mu 1989 kampani ya Stagecoach ya ku Scotland idagula gawo lalikulu la UTM, ndipo mumzinda wa Blantyre mudayamba kuyenda mabasi osanjikizana omwe akuluakulu ambiri amawakumbukirabe. Stagecoach idachoka mu 1997, mabasi n'kutsala m'manja mwa Shire Bus Lines, yomwe idafooka pang'onopang'ono mpaka kutsekedwa m'zaka za m'ma 2000. Makampani omwe adabwera pambuyo pake adalimbikira maulendo aatali a pakati pa mizinda, ndipo basi yaikulu ya wopita ku ntchito idathera pomwepo.

Minibasi ndiyo idagwetsa basi. Boma litamasula malonda a zamtengatenga m'zaka za m'ma 1990, makamaka ulamuliro wa zipani zambiri utayamba mu 1994, aliyense wokhala ndi ndalama ankatha kuitanitsa Toyota Hiace yogwirapo kale ntchito n'kuiika pamsewu. Ambiri adagulira ndalama za penshoni. Minibasi idapambana chifukwa imadzaza msanga, imaima paliponse pomwe munthu wakweza dzanja, ndipo imapezeka nthawi iliyonse. Idabweretsanso ntchito zatsopano: dalaivala, kondakitala, ndi anyamata oitanira omwe boma lakhala likuwaletsa koma sachoka m'masiteji. Eni ake adapanga bungwe la Minibus Owners Association of Malawi, lomwe limalankhulapo pa mitengo mafuta akakwera.

Kayendetsedwe ka minibasi kamafotokoza zambiri zomwe okwera amadandaula nazo. Kawirikawiri mwini galimoto amaikira dalaivala ndalama yoti abweretse madzulo aliwonse. Yotsala, akachotsa ya mafuta, ndiyo ya dalaivala ndi kondakitala. N'chifukwa chake minibasi sinyamuka isanadzaze, imathamangira kulanda okwera patsogolo pa inzake, ndipo imakhazika anthu anayianayi pa mpando wa anthu atatu. N'chifukwa chakenso mtengo umasintha pa tsiku limodzi lomwelo: wokwera m'mawa kulowera m'tawuni ndi madzulo kubwerera, wotsika masana anthu akachepa. Wolandira malipiro apamwezi ndiye amapwetekeka, pakuti amayenda pa nthawi yomwe mtengo uli pamwamba, ndipo wochokera ku Lirangwe kupita ku Limbe amalipira kawiri akasintha galimoto m'tawuni. Mu 2020, malamulo a Covid-19 atachepetsa chiwerengero cha okwera, mitengo idakwera nthawi yomweyo.

Kumene minibasi sifika, makamaka m'misewu yafumbi yolowera ku Chikuli ndi kwa Kunthembwe, matola ndiwo akhala akuthandiza. Awa ndi malole kapena mapikapu omwe amanyamula anthu pamwamba pa katundu, ngakhale kuti lamulo silikuvomereza. Kabaza adatseka mpata womwe udatsala pakati pa khomo la munthu ndi siteji. Adayamba ndi njinga zakapalasa zokhala ndi katsamiro kumbuyo, ndipo m'zaka za m'ma 2010 kudasefukira njinga zamoto, zambiri zochokera ku Mozambique. Kwa anamwino, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi ogwira ntchito m'midzi ya kwa Kuntaja, omwe ulendo wawo umachoka m'tawuni kulowera kumudzi, kabaza wasintha zinthu kwambiri. Mtengo wake weniweni ukuoneka ku chipatala cha Gulupu, komwe ovulala pa ngozi za njinga zamoto achuluka, poti oyendetsa ambiri alibe ziphaso ndipo okwera savala zipewa zodzitetezera. M'zaka zomwezi kudabweranso timagalimoto ta Toyota Sienta, tomwe timadzaza msanga kuposa minibasi n'kumailanda okwera monga momwe iyo idachitira ndi basi.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda wa Blantyre ndi oposa 450,000 m'madera akumidzi a bomali. Malo atasowa m'tawuni, ogwira ntchito m'maofesi adayamba kugula minda ku Chileka, ku Ngumbe ndi ku Lunzu n'kumangako nyumba, ndipo iwowa ndiwo adabwera ndi galimoto ya munthu mmodzi. Misewu ya Chileka ndi Zalewa imakumana pa Kameza, choncho m'mawa magalimoto amandondozana kuyambira pamenepo kudutsa ku Chirimba, minibasi ya anthu 15 itaima kumbuyo kwa galimoto yonyamula dalaivala yekha.

Kusowa kwa mafuta kwa mu 2011 ndi 2012, ndi komwe kudabwereranso kuyambira 2022, pamodzi ndi kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kudawabwezera ambiri mwa eni magalimotowa ku njira zakale. Anansi ogwira ntchito mbali imodzi amasonkherana ya mafuta, kapena kusinthana: sabata ino galimoto ya uyu, sabata yamawa ya winayo. Ena amaima pa siteji n'kutenga anthu atatu olipira mtengo wa minibasi, amenenso ndi matola ngakhale galimotoyo ikhale yooneka bwino. Kwa ambiri a kwa Kuntaja, ulendo wa m'mawa umalumikiza zokwera zingapo: wapansi kuchoka pakhomo, kabaza kukafika pa tala, minibasi kapena Sienta mpaka m'tawuni, kenaka wapansinso kukafika pa ntchito. Mwezi ukapita kutali ndalama n'kuchepa, kabaza ndiye amayamba kusiyidwa, ndipo munthu amadzuka ola limodzi msanga kuti gawo limenelo aliyende ndi miyendo.