Mbiri ya jini ya CACNA1A ndi mabanja amene anathandiza kuipeza

M'chaka cha 1910, dokotala wa mumzinda wa Bristol ku England, J. Michell Clarke, analemba m'magazini ya British Medical Journal za banja lina lomwe linali ndi vuto lachilendo. Anthu angapo a m'banjamo ankadwala mutu waching'alang'ala, ndipo mutuwo ukayamba, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zinkafooka ngati munthu wachita sitiroko. Kenaka mphamvu zinkabwerera, munthu n'kuyambiranso ntchito zake mpaka tsiku lomwe vutolo lidzabwerenso. Clarke analibe makina ojambulira ubongo. Chimene anachita ndi kufunsa mosamala ndi kulemba aliyense amene ankadwala m'banjamo. Panadutsa zaka 86 kuti asayansi apeze jini yoyamba yodziwika kuti imayambitsa matenda a mtundu umenewu. Jiniyo masiku ano imatchedwa CACNA1A.

Majini amene tikunena pano si mizimu ayi. Ndi malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a thupi, omwe munthu amatengera kwa mayi ndi bambo ake. Jini ya CACNA1A ili ndi malangizo opangira chigawo chachikulu cha kakhomo kolowera kashiamu m'maselo a minyewa. Mkati mwa selo imene ikupuma muli kashiamu wochepa kwambiri, pomwe kunja kwake n'ngochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 10,000. Uthenga wamagetsi ukafika kumapeto kwa mnyewa, timakomo timeneti timatseguka, kashiamu amalowa, ndipo mnyewa umatulutsa timadzi tonyamula uthengawo kupita ku selo yotsatira. Izi zimachitika m'kamphindi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, nthawi iliyonse pamene tikuyenda, kulankhula kapena kuganiza.

Mtima wa chule ndi madzi a pampopi

Kufunika kwa kashiamu kunadziwika mosayembekezera. Sydney Ringer, dokotala wa ku University College London, ankafufuza mtundu wa madzi amchere omwe angasunge mtima wa chule ukugunda kunja kwa thupi. Mitima ija inkagunda bwino, koma pambuyo pake zinadziwika kuti womuthandiza wake ankagwiritsa ntchito madzi a pampopi m'malo mwa madzi osungunulidwa opanda mchere uliwonse. Atabwereza ndi madzi oyera aja, mitima inasiya msanga kugunda. Mu 1883 Ringer anafotokoza kuti chinsinsi chinali kashiamu wa m'madzi a pampopiwo. Dzina lake timalitchula tsiku ndi tsiku m'zipatala tikamaika diripi ya Ringer's lactate.

Mu 1894, Frank Locke anasonyeza kuti popanda kashiamu, uthenga sudutsa kuchoka mu mnyewa kupita ku mnofu. Koma amene anafotokoza mwatsatanetsatane ndi Bernard Katz ndi Ricardo Miledi m'zaka za m'ma 1960, pa koleji yomwe ija ya Ringer. Iwo anaonetsa kuti kashiamu ayenera kulowa kumapeto kwa mnyewa pa nthawi yeniyeni imene uthenga wamagetsi wafika, apo ayi timadzi ta uthenga situluka. Katz analandira mphoto ya Nobel mu 1970. Funso lotsala linali lakuti kashiamuyo amalowera pati.

Poizoni wa kangaude

Mu 1976, asayansi awiri a ku Germany, Erwin Neher ndi Bert Sakmann, anapeza njira yoyezera magetsi odutsa pa kakhomo kamodzi kokha ka selo. Njirayi inathandiza kuona kuti timakomo ta kashiamu si ta mtundu umodzi. Mu 1985, gulu la Richard Tsien ku America linafotokoza mitundu itatu yomwe linaitcha L, N ndi T. Mtundu wa L ndi umene umatsekedwa ndi mankhwala a BP omwe timawadziwa bwino, monga nifedipine ndi amlodipine, chifukwa umapezeka m'minofu ya mitsempha ya magazi.

Koma kumbuyo kwa ubongo kuli kachigawo kotchedwa cerebellum, komwe kamathandiza munthu kuyenda molunjika ndi kugwira zinthu mosaphonya. M'maselo akuluakulu a kachigawoka, otchedwa maselo a Purkinje, munali timakomo tomwe mankhwala aja sankatitseka. Mu 1989, Rodolfo Llinás ndi anzake ku New York anaona kuti poizoni wa kangaude wina wa ku America amatitseka, ndipo anatitcha mtundu wa P potengera dzina la Purkinje. Patapita zaka zochepa kunapezekanso mtundu wina wofanana nawo womwe unatchedwa Q. Mu 1991, Yasuo Mori ndi anzake ku Kyoto, m'dziko la Japan, anawerenga malangizo a chibadwa opangira kakhomo kena ka kashiamu ka muubongo wa kalulu. Pang'onopang'ono zinadziwika kuti P ndi Q zimachokera ku jini imodzi yomweyo. Ndiye chifukwa chake mabuku amalemba kuti P/Q, kapena Cav2.1 malinga ndi mayina amene asayansi anagwirizana m'chaka cha 2000.

Mbewa zodzandira

Pamene izi zinkachitika, anthu ena ankayang'ana mbewa. Mu 1962, Margaret Green ndi Richard Sidman anafotokoza za mbewa za ku Jackson Laboratory, m'chigawo cha Maine ku America, zomwe zinkabadwa ndi vuto loyenda modzandira ndipo nthawi zina zinkagwidwa ndi tsemwe la ziwalo. Anazitcha tottering, kutanthauza zodzandira. Mu 1979, poyeza magetsi a muubongo wa mbewazi, anapeza kuti zilinso ndi khunyu la mtundu umene wodwala sagwa pansi koma amangoima phee kwa masekondi angapo osazindikira chimene chikuchitika. Khunyu lotere limapezekanso mwa ana, ndipo kusukulu mwana wotere amaoneka ngati wosamvetsera. Mbewa zija zinasungidwa ndi kuswanitsidwa kwa zaka zoposa 30 jini yoyambitsa vutolo isanadziwike.

Chaka cha 1996

Kafukufuku wa mabanja a anthu ndi amene analumikiza zonsezi. Mu 1993, Anne Joutel ndi Elisabeth Tournier-Lasserve ku Paris anayeza magazi a mabanja akuluakulu odwala mutu waching'alang'ala wofooketsa mbali imodzi, poyerekeza odwala ndi abale awo osadwala. Anapeza kuti vutolo lili penapake pa chromosome 19. Posakhalitsa, ofufuza ena anapeza kuti dera lomwelo likukhudzidwanso ndi matenda ena a m'mabanja otchedwa episodic ataxia type 2. Odwala matendawa amayamba chizungulire, kudzandira, kulankhula movutikira ndi kusanza kwa maola angapo, kenaka n'kukhalanso bwino. Zimakonda kuyamba paubwana kapena paunyamata, ndipo zimaputidwa ndi nkhawa, ntchito yolemetsa, khofi kapena mowa.

Mu Novembala 1996, Roel Ophoff, Rune Frants, Michel Ferrari ndi anzawo a ku Leiden, m'dziko la Netherlands, analengeza m'magazini ya Cell kuti matenda awiriwa akuchokera mu jini imodzi ya kakhomo ka P/Q. Mwezi womwewo, m'magazini yomweyo, gulu lina la ku America linasonyeza kuti mbewa zodzandira zija zili ndi vuto mu jini yomweyo. Kumayambiriro kwa 1997, ofufuza a ku Baylor College of Medicine ku Houston anaonjezera matenda achitatu, spinocerebellar ataxia type 6. Awa amakonda kuyamba munthu atapitirira zaka 40, ndipo kudzandira kwake sikutha koma kumakula pang'onopang'ono.

Kodi jini imodzi ingayambitse bwanji matenda osiyana chonchi? Yankho lagona pa mmene jiniyo yawonongekera. Mwa odwala mutu waching'alang'ala wofooketsa, chilembo chimodzi cha malangizo chimasintha, ndipo timakomo timatseguka mosavuta kuposa mmene tiyenera. Kashiamu amalowa wambiri, maselo amatulutsa uthenga wopyola muyezo, ndipo pamwamba pa ubongo pamayenda funde lomwe limasiya maselo ali zii kwa kanthawi. Funde limeneli analifotokoza koyamba ndi Aristides Leão wa ku Brazil mu 1944, ndipo limayenda pafupifupi mamilimita atatu pa mphindi imodzi. N'chifukwa chake dzanzi la odwalawa limakwawa pang'onopang'ono, kuchoka ku zala kukwera ku mkono mpaka kumaso. Mu episodic ataxia type 2 zimakhala zosiyana: malangizo amaduka panjira, timakomo togwira ntchito timachepa, ndipo cerebellum imalephera ntchito yake ikapanikizika. Mu matenda achitatu aja, zilembo zitatu za CAG zimabwerezedwa mopyola muyezo. Munthu wabwinobwino amakhala nazo kosapitirira ka 18, pomwe odwala amakhala nazo ka 20 kapena kuposerapo, ndipo maselo a Purkinje amafa pang'onopang'ono.

Matenda onse atatuwa amayenda m'banja mofanana. Kholo limodzi likakhala ndi jini yosinthikayo, mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, amakhala ndi mwayi wa theka woitengera. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsanso kuti jini zina ziwiri, ATP1A2 mu 2003 ndi SCN1A mu 2005, zimayambitsa mutu waching'alang'ala wofooketsa womwewo. Kuyambira m'zaka za m'ma 2010, njira zatsopano zowerengera majini zasonyeza kuti kusintha kwa CACNA1A kungathenso kuyambira mwa mwana yemwe makolo ake alibe vutolo, n'kubweretsa khunyu lovuta ndi kuchedwa kukula.

Phindu lake kwa odwala

Chithandizo china chinafika jini isanadziwike. Mu 1978, Robert Griggs ndi anzake anafotokoza kuti acetazolamide, mankhwala akale omwe amagwiritsidwanso ntchito pa glaucoma, amachepetsa kudzandira kobwera mwa apo ndi apo kwa m'mabanja. Mu 2011, kafukufuku wa Michael Strupp ku Munich anasonyeza kuti 4-aminopyridine amathandizanso. Mankhwalawa sachotsa vuto la mu jini, koma munthu amene ankalephera sukulu kapena ntchito amatha kuyambiranso. Palinso chenjezo lofunika lomwe linatuluka ku Leiden mu 2001: anthu omwe ali ndi mtundu wina wa kusinthaku, wotchedwa S218L, angathe kutupa ubongo ndi kukomoka pambuyo pomenyetsa mutu pang'ono chabe. Banja lodziwa zimenezi limathamangira kuchipatala msanga.

Timakomo tomweti timakumana nato ku chipinda cha amayi oyembekezera. Pamene mnyewa wakumana ndi mnofu, kashiamu amalowera makamaka pa timakomo ta P/Q. Magnesium amapikisana ndi kashiamu pa malo amenewa. Ndiye chifukwa chake mayi amene akulandira magnesium sulphate chifukwa cha BP yokwera ndi kukomoka timamugogoda pabondo kuona ngati mwendo ukudumpha, ndiponso timawerenga kapumidwe kake. Mankhwalawa akachuluka m'thupi, uthenga sufika ku minofu, ndipo chobwezeretsa chake ndi calcium gluconate. Zimene Locke ndi Katz anaona pa achule ndi zomwe azamba amagwiritsa ntchito usiku uliwonse.

Zoyenera kukumbukira pa ntchito yathu

Matenda a CACNA1A ndi osowa. Kafukufuku wa ku Denmark anapeza kuti mutu waching'alang'ala wofooketsa mbali imodzi umagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10,000. Choncho munthu akafooka mbali imodzi, akayamba kudzandira kapena akakomoka, tiyenera kuganiza kaye za sitiroko, malungo, meninjaitisi, kutsika kwa shuga kapena kuvulala m'mutu, ndi kumutumiza kuchipatala mwachangu. Palibe wodzipereka kapena mlangizi wa zaumoyo amene ayenera kuchedwetsa wodwala poganizira za majini.

Koma pali wodwala wina amene amabwera kangapo ndi vuto lomwelo, n'kuchira yekha, magazi osaonetsa kanthu. Mnyamata wodzandira masana amanenedwa kuti waledzera. Mtsikana wofooka dzanja lero n'kukhala bwino mawa amanenedwa kuti akunamizira. Banja lomwe anthu atatu akudwala mofanana limayamba kulozana zala za ufiti, mpaka abale kusiya kuyenderana. Apa mafunso ochepa angasinthe zinthu. Vutoli limayamba bwanji, mwadzidzidzi kapena mokwawa? Limatha nthawi yaitali bwanji? Chimaliputa n'chiyani? Ndani winanso kuchimuna kapena kuchikazi amene anadwalapo chotere? Mayankho alembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo kuti dokotala wa ku chipatala chachikulu awaone.

Kafukufuku wambiri wa jini imeneyi wachitika pa mabanja a ku Ulaya, America ndi Japan, pomwe anthu a mu Africa ndi amene majini awo ndi osiyanasiyana kuposa a kwina kulikonse. Ntchito ya H3Africa, yomwe inakhazikitsidwa ndi bungwe la National Institutes of Health la ku America pamodzi ndi Wellcome Trust, inathandiza ofufuza a mu Africa kuchepetsa kusiyana kumeneku. Komabe makina owerengera majini sadziwa okha banja loyenera kuliyeza. Gulu la ku Paris ndi la ku Leiden linapeza chromosome 19 ndi jini ya CACNA1A chifukwa madokotala anali atalemba kale mayina a agogo, makolo ndi ana amene ankadwala, ndipo mabanjawo anavomera kupereka magazi atawafotokozera bwino cholinga chake. Ntchito yolemba mbiri ya banja siilira ndalama, ndipo wazaumoyo aliyense angayambe kuichita pa wodwala wotsatira amene abwere ndi vuto lobwerezabwereza.