BOMA LA MGANDA: BUNGWE LA ANYAMATA A KUMUDZI

Nkhani ya makalabu a acinyamata imabuka kawiri-kawiri pa misonkhano ya aphunzitsi. Ali yense wa ife, kaya aphunzitsa ku Linda kumene makomboni a Lusaka akomana ndi mafamu, kaya ali kutali ku Lundazi kapena ku Chama, amdziwa mnyamata uja amene analekeza sukulu panjira, wosakwatira, wopanda nchito, amene dzuwa limamlowera ali cikhalire pakhonde la sitolo. Tikafuna kumthandiza timathamangira ku mpira, ku Maskauti, kapena ku bungwe lina la malamulo olembedwa ndi anthu a kutali. Koma zaka ngati 100 zapitazo anyamata a m'midzi anadzipangira okha bungwe lao, popanda mphunzitsi, mbusa kapena Bwana D.C. wowauza cocita, ndipo bungwelo likalipo. Ndilo boma la mganda, gule amene Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a pa Likoma amati malipenga.

Muzu wace uli kutali, ku gombe la nyanja yamcere. Ca m'ma 1890, m'mizinda ya Aswahili monga Lamu, Mombasa, Tanga ndi Pangani, anyamata anayamba magulu obvina motsanzira perete wa asilikari ndi bandi yao ya malipenga amkuwa. Guleyo anampatsa dzina lakuti beni, locokera ku liu lomwelo la bandi. Kupikisana kwa magulu oyimba ndi obvina kunalipo kale pakati pa Aswahili. Zacilendo zinali zobvala, maudindo ndi kuguba. Ku Lamu kunali gulu la Kingi ndi la Scotchi. M'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani munali Marini, odziyesa apamwamba, ndi Arinoti, gulu la anthu wamba. Tisunge mfundo imeneyi pakuti tidzakomana nayonso: gulu liri lonse linali ndi moyo cifukwa panali lina lofuna kuliposa.

Cimene cinanyamula beni kumfikitsa kwathu ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo a ku Nyasaland anali kuiti Ciwaya. Mfuti zinalira pa Karonga mu September 1914, ndipo nkhondoyo inadzathera m'dziko lathu lino, pamene mkuru wa asilikari a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anadzipereka ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 November 1918. M'zaka zinayi zimenezo amuna miyanda-miyanda anatengedwa m'midzi, ena kukhala asilikari a Keyala, koma ocuruka kukhala amtengatenga osenza zakudya ndi zipolopolo. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Beni anali kubvinidwa m'misasa ya nkhondo, ndipo opulumuka anabwerera kwao atasenza nyimbo zace ndi dongosolo lace m'mutu.

Pofika m'midzi guleyo anabadwanso mwatsopano. Ayao a kumwera kwa nyanja anasunga dzina la beni. M'mbali mwa nyanja ca kumpoto anasanduka malipenga, ndipo kwa Acewa a ku Kasungu, Dowa ndi Ntchisi, ndi kwa Atumbuka a mbali zonse ziwiri za malire, anakhala mganda. Ndalama zogulira malipenga amkuwa kunalibe, tsono anyamata anatenga mphonda zouma, naziboola, namata pa kabowo kansaru koyera kamene kangaude asungiramo mazira ace. Munthu akayimbira m'menemo, mau aturuka onjenjemera ngati a lipenga leni-leni, mphonda zazikuru kubangula pansi, zazing'ono kulira pamwamba. Anaonjezapo ng'oma yaikuru yoomba ndi ndodo ndi inzace yaing'ono, bandi nkukwanira.

Koma cimene cifunika kwa ife aphunzitsi ndi gulu lomwelo. Taonani dzina lace. Anyamata anaona kuti mphamvu ya Azungu ikhala pa boma, pamene pali mbendera, ofesi ndi asilikari. Iwonso anati gulu lathu ndi boma. Pamwamba pa onse pali Kingi, wobvala mopambana, amene ayendera mizere monga bwana woyendera perete. Pansi pace pali Kaputeni, Sajeni ndi ena olamula kaguba, ndiponso Dokotala ndi Nesi, oyang'anira ukhondo ndi kuthandiza wotopa. Wa m'boma ali yense asonkha ndalama, abwera ku maphunziro a gule madzulo, ndipo wocedwa kapena wamwano aweruzidwa ndi anzace. Pa tsiku la gule onse aturuka ofanana: kabudula ndi malaya ocapa ndi kusita bwino, masokosi aatali, nsapato zowala, kampango m'dzanja. Amene anayesapo kuti ana a kalasi imodzi afike onse ndi yunifomu yoyera pa tsiku la Insipekitala, adziwa kuti kutero si masewera. Koma anyamata awa anacita zimenezi okha, m'midzi yopanda sopo wokwanira, ndi simbi ya makala yobwerekana.

Cifukwa ninji anadzibvuta cotero? M'mudzi wa makolo mau anali ndi akuru, mafumu ndi atsibweni. Mnyamata anali ndi mphala yace yogonamo ndi anzace, koma pabwalo la mirandu analibe mpando. M'boma la mganda anapeza udindo umene sunadalira kubadwa. Wodziwa kupeka nyimbo, wodziwa kulamula, wokhulupirika pa ndalama, ndiye anakwera. Panalinso nkhani ya ulendo. Msonkho unali kuthamangitsa amuna kunka ku Salisbury, ku Wankie, ku Joni ndi ku migodi ya kopa, ndipo obwerako ndiwo anadza ndi masokosi, matayi ndi nsapato zobvinira. Boma linali pokomana pa iwo amene anapita ndi iwo amene anali kuyembekeza kupita. Ophunzira akhala akutsutsana ngati anyamatawa anali kusirira Azungu kapena kuwaseka. Terence Ranger, amene analemba buku la mbiri ya beni m'caka ca 1975, anasonyeza kuti yankho silikhala limodzi m'malo onse ndi m'nyengo zonse. Ine ndiyesa kuti woonerera Kingi akuyenda monyang'wa ndi ndodo yace, nkhope iri gwa, khamu lonse likufa ndi phwete, aona zonse ziwiri pamodzi.

Moyo weni-weni wa boma unali m'maulendo. Anthu atakolola, m'nyengo ya cilimwe, boma limodzi linali kutumiza kalata kuitana linzace. Alendo anali kuyenda mtunda wautali atasenza ng'oma, zobvala ziri zopinda bwino kuopa pfumbi, nalandiridwa ndi mudzi wonse. Eni mudzi anayenera kuwapezera pogona ndi kuwadyetsa nsima, ndiwo ndi thobwa masiku onse a gule, podziwa kuti tsiku lina iwonso adzakhala alendo kumeneko, ndipo amene anamana anzace adzamanidwa. Mabomawo anali kulowa m'bwalo mosinthana, anthu naweruza za kaguba, za nyimbo ndi za ukhondo. Akazi sanali oonerera cabe. Ndiwo anasinja ndi kuphika, ndiwo analuluta ndi kupukuta thukuta la wobvina bwino, ndipo m'mbali mwa nyanja anakhala ndi magulu ao a ciwoda okhalanso ndi atsogoleri ao. Maukwati ambiri anayambira pa maulendo otere. Ndeu nazonso zinayambira pomwepo, pamodzi ndi kunenezana za mankhwala, ndipo nkhokwe zina zinapepuka msanga cifukwa ca kufuna kuoneka ooloŵa manja. Izi tisabise.

Amishoni ambiri sanakondwere nalo boma. Anadandaula kuti anyamata athawa sukulu ndi mapemphero, ndi kuti agona kutali pamodzi ndi atsikana. Ena mwa madandaulowo anali oona. Koma nkobvuta kukana kuti panalinso kansanje, pakuti ili linali bungwe la acinyamata losapempha cilolezo kwa munthu. Panali ena oona mosiyana. Bambo A. M. Jones, wa Mishoni ya U.M.C.A., amene anaphunzitsa aphunzitsi zaka zambiri pa St. Mark's ku Mapanza, anachera khutu ku nyimbo za Aafrika nazilemba mosamala, ndipo m'caka ca 1945 anasindikiza nkhani yofotokoza mganda.

Boma la Azungu linali ndi mantha a mtundu wina. Ku migodi ya kopa guleyu anafika ndi dzina lakuti mbeni, maka-maka pakati pa Abemba. Mu May 1935 anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Luanshya ananyanyala nchito cifukwa ca kukwera kwa msonkho, ndipo pa Luanshya anthu 6 anaphedwa ndi mfuti za apolisi. Pofufuza pambuyo pace kunamveka kuti a mbeni anathandiza kufalitsa uthenga wa sitalaka. Sizodabwitsa: gulu lokhala ndi atsogoleri, thumba la ndalama ndi cizolowezi ca kutumizirana makalata likhoza kunyamula uthenga uli wonse. Kuyambira pamenepo mbeni anayang'aniridwa ndi diso lokaika, nazilala m'migodi.

M'malo mwace munakula kalela, wocokera ku cisumbu ca Chishi pa nyanja ya Bangweulu. J. Clyde Mitchell, wa ku Rhodes-Livingstone Institute, anapenyetsetsa gulu lina la kalela ku Luanshya nalemba kabuku kace m'caka ca 1956. Obvina anali anyamata 19 a mtundu wa Abisa, ambiri a iwo anchito wamba a malipiro ocepa, koma pa Sondo masana anali kuturuka ataoneka ngati makalaliki. Ng'oma zao zinali za migolo ya mafuta yokutidwa ndi zikopa za ng'ombe. Anali ndi Kingi wosunga ndalama, Dokotala wobvala mkanjo woyera wa mtanda wofiira, ndi Nesi woyenda pakati pa obvina ndi kalilole ndi mpango, kuti ali yense adzione ngati akali waudongo. Ndilo boma la kumudzi lija litalowa m'komboni, ndipo kalilole wa Nesiyo anena zambiri za cimene anyamatawa anali kufuna.

Ufulu utadza m'caka ca 1964, maboma atsopano a maiko athu anafuna kusonkhanitsa acinyamata m'njira zao. Ku Malawi kunali a Payoniya, oyambitsidwa m'caka ca 1963, okhala ndi misasa, mayunifomu ndipo potsiriza mfuti; asilikari anawalanda zida mu December 1993, gululo nkutha. Kuno ku Zambia kunali Zambia Youth Service, imene inasanduka Zambia National Service m'caka ca 1971, ndiponso misasa ya Rural Reconstruction yoyamba mu 1975, imene anyamata ambiri anaithawa. Mganda sanasiyidwe pa mtendere. Pa nthawi ya Dr. Banda mabomawo anali kuitanidwa ku misonkhano ya cipani, nyimbo zao nazitembenuza kukhala zotamanda. Koma m'nyengo yomweyo guleyu analembedwanso m'cinenero cathu, pamene W. P. Koma-Koma anaturutsa kabuku kace, M'ganda kapena Malipenga, m'caka ca 1965.

Lero mpira, wailesi ndi foni zatenga anyamata ambiri, ndipo m'mizere ya obvina muoneka imvi zocuruka kuposa kale. Pa kabowo ka mphonda ena amata kapepala ka pulasitiki m'malo mwa kansaru ka kangaude. Komabe ku Nkhata Bay, ku Karonga, pa Likoma, ku Ntchisi ndi ku Lundazi mabomawo akali kuitanana cimanga cikalowa m'nkhokwe, ndipo kumbuyo kwa mzere kuli tianyamata ta msinkhu wa Giredi 4 tikuguba ndi mphonda zao zazing'ono, kudikira kuti Kaputeni atione.