Zinyalala za pakhomo ku Neno: zotaya ndi ziti, zosunga ndi ziti?

Zinyalala za pakhomo ndi chilichonse chomwe tathana nacho ntchito: makoko a mbatatesi, phulusa, jumbo ya tchipisi, botolo la Frozy, batire lakutha, sanza. M'madera ena a mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe kumabwera galimoto ya khonsolo kudzatenga. Kuno ku Neno, kaya muli kuboma, ku Ligowe, kwa Kambale, kwa Dambe, ku Lisungwi kapena pa Zalewa, makomo ambiri amadalira dzala, moto, kapena kungoponya kuseri kwa nyumba basi. Ndiye kuti khomo lililonse limadzilamulira lokha komwe zinyalala zake zithere. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 138,000 m'boma lino. Aliyense atataya jumbo imodzi yokha pa sabata, werengani nokha kuti pachaka zikhala zingati.

Zomwe tiyika pano ndi zoti mungasunge pafoni n'kumaonapo: vuto lili pati, lamulo likuti chani, komanso momwe mungagawire zinyalala kuti zambiri zisafike n'komwe kudzala.

Vuto lenileni lili pati?

Kale zinyalala zambiri zinali zowola. Dengu likatha linkabwerera kudothi, chimodzimodzi mkeka, chikho ndi masamba a nthochi okulungira zinthu. Pano chasintha ndi pulasitiki. Simawola ngati khoko la nthochi, imangophwanyika tizidutswa n'kukhalabe m'nthaka zaka zambirimbiri. Akatswiri amayerekeza kuti dziko la Malawi limapanga matani 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo 80 mwa 100 iliyonse ndi yogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya.

Oyamba kuvulala ndi mbuzi ndi ng'ombe. Nthawi ya ng'amba ziweto zimayenda zokha, msipu ulibe, ndiye jumbo yonunkhira mchere ndi mafuta imangomezedwa. Ikalowa m'mimba simagayika. Chiweto chimaonda, chimasiya kudya bwino, mwinanso kufa kumene. Kafukufuku wina ku Mponela anapeza kuti pafupifupi 40 mwa ziweto 100 zilizonse zophedwa zinali ndi pulasitiki m'mimba. Kwa banja lomwe limadalira mbuzi kuti lipeze fizi kapena feteleza, imeneyo ndi ndalama yomwe yapita.

Chachiwiri ndi utsi. Kuwotcha pulasitiki sikuthetsa vuto, kumangolisamutsira m'mapapo. Utsi wake uli ndi poizoni, ndipo ana aang'ono ndi anthu odwala mphumu ndi omwe amavutika kwambiri. Ngakhale kuyatsira mbaula ndi jumbo, komwe ambirife timachita m'mawa uliwonse, n'chimodzimodzi.

Chachitatu ndi madzi. Mvula ikagwa imakokolola zonse kupita m'ngalande ndi m'mitsinje. Lisungwi ndi Wamkulumadzi amathira mu Shire, ndipo pa Shire pomwepo ndi pomwe pali malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani, kumalire a Neno ndi Blantyre. Kampani ya EGENCO yakhala ikudandaula kuti zinyalala, namasupuni ndi matope zimatseka polowera madzi n'kuchepetsa magetsi. Komanso zitini ndi matayala osungira madzi a mvula amasanduka poswanira udzudzu.

Lamulo la majumbo likuti chani?

Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala osafika mamayikuloni 60. Mamayikuloni 1,000 ndiye milimita imodzi, ndiye tikunena timajumbo tija timang'ambika tisanafike n'komwe kunyumba. Makampani opanga mapulasitiki anakatenga chiletso kukhoti, koma mu Julayi 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamuloli ligwire ntchito. Pambuyo pake milandu ina inapitirirabe, n'chifukwa chake majumbo sanasowe m'misika. Bungwe lomwe limayang'anira za lamuloli ndi MEPA.

Mmodzi mwa omwe analimbana nayo nkhaniyi ndi Gloria Majiga-Kamoto, yemwe mu 2021 analandira mphoto ya padziko lonse ya Goldman ya oteteza chilengedwe. Chimodzi mwa zomwe zinamudzidzimutsa ndi mbuzi zomwezi, zomwe alimi ankataya chifukwa cha kudya mapulasitiki.

Koma tinene zoona: lamulo silingalowe m'khitchini mwa munthu. Pakhomo pamafunika dongosolo lathulathu, ndipo losavuta ndi kugawa zinyalala milu itatu: zowola, zogwiritsanso ntchito, ndi zoopsa.

Mulu woyamba: zowola

Uwu ndiye mulu waukulu pakhomo lililonse, ndipo suyenera kutchedwa zinyalala ayi. Muli makoko a mbatatesi, a nthochi ndi a manachesi, zotsalira za ndiwo zamasamba, masamba osesa pabwalo, mapesi, masangwi a mtedza, phulusa ndi ndowe za ziweto.

Manyowa a dzenje. Kumbani dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi pamthunzi. Yalani zouma monga mapesi oduladula, pamwamba pake zaziwisi, kenako ndowe, phulusa pang'ono ndi dothi. Wazani madzi kuti zinyowe koma zisachite chithaphwi. Bwerezani mpaka dzenje lidzale, kenako kwirirani. Zikani ndodo pakati: mukaizula patapita masiku angapo n'kupeza yafunda, dziwani kuti zikupsa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu manyowa amakhala atapsa. Mukayamba mukangokolola, cha mu Meyi kapena Juni, mvula yoyamba idzakupezani muli okonzeka. Komwe nthaka ndi yolimba kukumba, alangizi amaphunzitsa za chimato, komwe mulu umaunjikidwa pamtunda n'kumatidwa ndi matope.

Feteleza wa Mbeya. Uyu watchuka chifukwa cha kukwera mtengo kwa feteleza. Amatenga makilogalamu 10 okha a feteleza wa m'sitolo n'kusakaniza ndi madeya, phulusa ndi ndowe zouma zosinja kuti zonse pamodzi zikwane makilogalamu 50. Amawaza madzi pafupifupi malita 5, n'kuika m'thumba lomwe mkati mwake muli pulasitiki, kumanga kuti mpweya usalowe, n'kusiya masiku 21. Muyeso wa madeya, phulusa ndi ndowe tengani kwa mlangizi wa zaulimi wa kwanuko. Taonani kuti phulusa lomwe timataya m'mawa uliwonse pano lalowa m'thumba la feteleza.

Makala a zinyalala. Aliyense wodutsa pa Zalewa amawaona matumba a makala akudikira ulendo wa ku Blantyre, ndipo mitengo yake ndi ya m'mapiri mwathu momwemuno. Pakhomo mungachepetseko makala popanga mabriketi. Viikani mapepala akale m'madzi masiku angapo, sinjani mumtondo, sakanizani ndi fumbi la makala lotsalira pansi pa thumba kapena utuchi wa kwa kalipentala, umbani timibulu, yanikani padzuwa mpaka tiume gwa. Ngati mapepala palibe, phala la ufa wa chinangwa limamata bwino. Zitsononkho zouma nazonso zimayaka bwino pa chitetezo mbaula.

Chakudya chotsala. Mkute si wotaya, umadyedwa m'mawa utatenthetsedwa bwino. Zomwe zatsaliratu ndi za nkhuku ndi nkhumba. Masamba akachuluka nthawi ya dzinja, futsani mfutso m'malo mosiya awole.

Mulu wachiwiri: zogwiritsanso ntchito

Apa Amalawife sitikuphunzira zachilendo. Koloboyi wa chitini, galimoto ya mawaya, mpira wa chikulunga, malegeni omangira katundu panjinga, zonsezi tinakula nazo. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale ndi zitsulo zotola, ali mnyamata wa zaka 14, ndipo nkhani yake inatuluka mufilimu mu 2019. Luso lilipo, chimangosowa ndi kuliwerengera.

Chigubu cha malita 5 chimapanga mpondagiya. Zikani mitengo iwiri ya mphanda pafupi ndi chimbudzi, pachikani chigubucho pamtanda, boolani kabowo chakumtunda ndi msomali wotentha, mangani chingwe kuchoka pakhosi pa chigubu kufika pandodo yoponda. Pambali ikani sopo kapena phulusa. Tisaiwale kuti kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kusamba m'manja pochokera kuchimbudzi si nkhani yamasewera.

Mabotolo a pulasitiki ali ndi ntchito zingapo. Odula pakati n'kuboola pansi amalowa m'malo mwa machubu a nazale ofesera mitengo ya zipatso. Kumunsi kotentha ngati ku Lisungwi ndi Zalewa, botolo loboola timabowo n'kukwirira pafupi ndi tsinde la tomato limathirira pang'onopang'ono, madzi osaonongeka. Botolo louma bwino lotseka zolimba limasunganso mbewu ya nyemba kapena ya maungu kuti anankafumbwe asalowe. Ngati ndi loikamo thobwa kapena madzi akumwa, litsukidwe ndi sopo ndi madzi aukhondo, osangotsukuluza.

Thumba lakutha limasanduka dimba. Dzazani dothi losakaniza manyowa, boolani m'mbali, bzalani mpiru, repu kapena anyezi. Kwa omwe mukuchita lendi kuboma kapena pa Zalewa ndipo mulibe malo, matumba atatu kuseri kwa nyumba akupatsani ndiwo. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo ndi omwewo othirira.

Zigamba za kwa telala musazione mopepuka. Zing'onozing'ono amazilowetsa m'thumba n'kupanga chopondera cha pakhomo, zokulirapo amasoka zikwama, zofunda ndi zomangira tsitsi. Chitenje chakutha chimodzi chimatulutsa chikwama cha kumsika chomwe chingakhale chaka chathunthu. Majumbo omwe alipo kale akhoza kudulidwa mizeremizere n'kulukidwa ndi koloshi kukhala kachikwama kapena mphasa yaing'ono.

Matayala akutha amapanga nsapato, mipando, zingwe, komanso mobzalamo maluwa. Ongosunga aikidwe pomwe sangatunge madzi a mvula. Zitsulo, miphika yobooka ndi malata akutha ali ndi msika: okhoma zidebe amapanga mbaula, ndipo ogula zitsulo zakale amalipira pa kilo.

Mulu wachitatu: zoopsa

Apa ndiye pofunika kusamala, chifukwa si chilichonse chomwe chingagwiritsidwenso ntchito.

Mabotolo ndi zigubu za mankhwala a mbewu, a tomato, a mbatatesi, a thonje kapena ophera udzu musaikemo madzi, mchere, mafuta kapena thobwa, ngakhale mutatsuka kangati. Abooleni kuti wina asatole, asungeni kutali ndi ana, ndipo funsani mlangizi za katayidwe kake.

Mabatire a tochi ndi a wailesi asaponyedwe pamoto kapena m'manyowa, ndipo ana asamaseweretse zakuda zamkati zija. Batire lalikulu la sola kapena la galimoto lili ndi asidi ndi mtovu, ndipo mtovuwo umaononga ubongo wa ana. Osaliswa pakhomo, kaligulitseni lathunthu kwa ogula mabatire akale.

Mapampasi ndi mapadi ogwiritsidwa kale ntchito asatayidwe kumtsinje kapena patchire pomwe agalu ndi nkhumba angafukule. Chimbudzi cha mwana chipite m'chimbudzi, chotsalacho chikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi mjigo kapena chitsime. Magalasi osweka, malezala ndi singano ziikidwe m'chitini chotseka zisanakwiriridwe. Mankhwala a kuchipatala otha masiku abwezeni kuchipatala komweko.

Zizolowezi zomwe zimachepetsa mulu usanayambe

Kunena mosabisa, kuluka tizikwama sikungamalize majumbo onse a pa Zalewa. Njira yoposa zonse ndi kusabwera nawo kunyumba. Popita kumsika tengani dengu, basiketi kapena chikwama cha nsalu. Pogula tchipisi, kanyenya kapena phala, nyamulani kontena yanu. Chakudya chotentha m'jumbo yopyapyala si chabwino n'komwe. Mafuta ophikira a muyezo gulirani m'botolo lanu m'malo mwa timachubu. Paulendo tengani botolo la madzi la kunyumba, ndipo zotsala musaponye pawindo la minibasi. Nsapato ikang'ambika, ndowa ikabooka, foni ikavuta, yambani mwafunsa okonza musanaganize zogula china. Ndalamayo imatsala m'dera lathu lomwe.

Mu Novembala 2020, mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku losesa m'dziko lonse, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Kaya kwanuko likuchitikabe kapena linazilala, gulu la achinyamata, timu ya mpira kapena kwaya ingathe kugwirizana ndi komiti ya msika ndi amfumu n'kusankha tsiku lawo. Chofunika ndi chakuti mukasesa musangounjika n'kuyatsa moto. Gawani pomwepo: zowola kudzenje la manyowa, mabotolo ndi zitsulo kwa ozifuna, zotsala zochepazo kudzala lokwirira.

Kwa amene akufuna kupezapo kangachepe, yambani ndi zomwe anthu a kwanuko amagula kale: mbande za mitengo, manyowa, zopondera, zikwama za kumsika. Jambulani, ikani pa WhatsApp kapena pa Facebook, tchulani mtengo ndi komwe mukupezeka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Sabata ino yesani ichi chokha: pezani matumba awiri akutha ndi chitini chimodzi chotseka, muziike kuseri kwa khitchini, ndipo aliyense pakhomopo, ndi ana omwe, adziwe kuti ichi chimapita umu, icho umo. Pofika Loweruka muone kuti zomwe zatsala zopita kudzala ndi zochuluka bwanji.