Amsterdam: Mzinda Umene Unabwezera Miseu kwa Ochova Njinga

Mlendo akafika mu Amsterdam, likulu la dziko la Netherlands limene ambiri timalicha Holland, cinthu coyamba kumudabwitsa ndi njinga. Ana a sukulu, madokotala, agogo ndi akuluakulu a boma, onse amachova. M'dziko lonselo muli njinga zoposa 22 miliyoni, pamene anthu alimo pafupifupi 18 miliyoni. Njinga zili ndi njira zakezake zofiira m'mbali mwa miseu, ndiponso maloboti akeake pa mphambano.

Ambiri amaganiza kuti zinthu zakhala cotero kuyambira kale. Koma mbiri ikutiuza kuti panali nthawi imene njinga inatsala pang'ono kuthamangitsidwa mu mzindawu, ndipo makolo anali kuopa kutuma mwana ku sukulu. Tiyeni tione cimene cinacitika, ndi amene anasintha zinthu.

PAMENE MOTOKA INALANDA MSEU

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anthu a ku Netherlands anali osauka, ndipo maulendo ambiri a mu Amsterdam anali apanjinga. Koma m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 cuma ca dziko cinakula, malipiro anakwera, ndipo banja lililonse linayamba kulakalaka motoka. Mu 1960 m'dzikolo munali mamotoka pafupifupi 500,000. Pofika mu 1970 anali atapitirira 2 miliyoni.

Akatswiri okonza mizinda anaona njinga ngati cinthu cakale ca anthu osauka, cimene cidzatha cokha. Tsono anayamba kukulitsa miseu, kugwetsa nyumba zakale ndi kusandutsa mabwalo a mzinda kukhala malo oimikapo mamotoka. Mu 1967 katswiri wina wa ku America, David Jokinen, anatulutsa pulani yakuti ngalande yaikulu ya madzi yochedwa Singelgracht ikwiriridwe kuti pamangidwe mseu waukulu, ndiponso kuti makomboni ena a anthu wamba, monga De Pijp, agwetsedwe. Pulaniyo sinakwaniritsidwe yonse, koma ikuonetsa maganizo a nthawiyo.

Akulu anati walira mvula walira matope. Mamotoka anabweretsa ufulu woyenda, koma anabweretsanso maliro. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anthu oposa 3,000 anali kufa pa miseu ya dzikolo caka ciliconse. Mu 1971 mokha munafa ana oposa 400. Tangoganizani: sukulu yathunthu ya pulaimale kutha m'caka cimodzi. Wochova njinga anali kuyenda pakati pa mabasi ndi mathiraki popanda comuchinga, ndipo ngozi ikacitika, kawirikawiri anthu anali kungoti mwanayo sanasamale.

BAMBO WINA ALEMBA M'NYUZIPEPALA

Mmodzi mwa ana amene anafa mu 1971 anali mtsikana wa zaka 6, amene anagundidwa ndi motoka akuchova kupita ku sukulu. Atate ake, a Vic Langenhoff, anali mtolankhani pa nyuzipepala ya De Tijd. Dalaivala amene anagunda mwanayo anangolipiritsidwa faindi yaing'ono. Mu September 1972 a Langenhoff analemba nkhani yopempha makolo kuti agwirizane ndi kukakamiza boma kucitapo kanthu. Mutu wa nkhaniyo ndiwo unapatsa dzina gulu limene linabadwa: Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti "Lekani kupha ana."

Dzinali linali lowawa, ndipo analisankha dala. Anafuna kuti anthu aleke kuona imfa za pa mseu ngati tsoka logwa lokha monga mphezi. Ngati mseu unamangidwa ndi anthu, ndipo liwiro la motoka limaikidwa ndi anthu, ndiye kuti anthu omwewo angathe kuzisintha.

Mtsogoleri woyamba wa gululi anali mayi wacitsikana wa mu Amsterdam, a Maartje van Putten, amene panthawiyo anali ndi zaka zongopitirira pang'ono 20. Iwo ndi anzawo anali kukaima pa malo amene ngozi zinali kucitika kawirikawiri, kutseka miseu ina kwa tsiku limodzi kuti ana asewerepo, ndi kuchova m'magulu akuluakulu pakati pa mzinda. Tsiku lina anachova mpaka kunyumba ya nduna yaikulu ya dziko, a Joop den Uyl, kukawaimbira nyimbo ndi kupempha miseu yabwino ya ana. Sanalekere pa zionetsero pokha. Anakhala pansi ndi aphungu a nyumba ya malamulo ndi mainjiniya a miseu, napereka maganizo a m'mene mseu ungamangidwire. M'kupita kwa nthawi boma linayamba kuthandiza gululi ndi ndalama.

Ana nawonso sanakhale cete. Mu 1972 ana a sukulu a m'komboni ya De Pijp anaonetsedwa pa wailesi ya kanema akudandaula kuti alibe posewerera cifukwa mamotoka anadzaza paliponse. Mothandizana ndi akuluakulu, iwo anaika zochinga pa mseu wa kwawo, ngakhale kuti madalaivala ena anakwiya nazicotsa. Lero komboni imene ija inafuna kugwetsedwa ikalipo, ndipo m'miseu yake yambiri muli mitengo ndi malo oimikapo njinga.

MASIKU A SONDO OPANDA MOTOKA

Mu October 1973 kunabuka nkhondo pakati pa Israel ndi maiko a Aluya. Maiko a Aluya ogulitsa mafuta analeka kugulitsa mafuta ku Netherlands cifukwa dzikolo linali kumbali ya Israel. Pofuna kusunga petulo, boma linaletsa kuyendetsa mamotoka pa tsiku la Sondo. Lamuloli linagwira nchito kwa masiku a Sondo 10, kuyambira pa 4 November 1973 kufikira pa 6 January 1974.

Pa masiku amenewo anthu anaona cinthu cimene anali ataiwala. Mizinda inali zii, mpweya unali wabwino, ndipo ana anali kuchova ngakhale pa miseu ikuluikulu yolumikiza mizinda. Vuto la mafuta linatha, koma anthu anatsala ndi funso: kodi n'cifukwa ciani mwana ayenera kudikira vuto la mafuta kuti ayende mosaopa? Mu 1975 ochova njinga anakhazikitsa bungwe lawo, limene lero limadziwika ndi dzina lakuti Fietsersbond, kuti liziwalankhulira ku boma ndi ku makhonsolo.

MSEU WODZIWA KUTI MUNTHU AMALAKWA

Kusintha kweni-kweni kunaoneka pa kamangidwe ka miseu, ndipo mizinda ing'onoing'ono ndiyo inatsogola. Mu mzinda wa Delft munayamba mtundu wa mseu wochedwa woonerf, ndiko kuti bwalo la pakhomo. Mu mseu wotere mumaikidwa mitengo, mabenci ndi makona, kotero kuti motoka imakakamizika kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu wapansi. Boma linavomereza miseu yotere mwa lamulo mu 1976. M'zaka zomwezo boma linapereka ndalama zomangira njira zoyesera za njinga m'mizinda ya The Hague ndi Tilburg. Pambuyo pake a ku Delft anaonetsa kuti njira imodzi yabwino siikwanira. Pamafunika njira zambiri zolumikizana, kuti munthu acoke pakhomo mpaka ku sukulu kapena ku msika osaponyedwa mwadzidzidzi pakati pa mathiraki.

Mu 1977 mzinda wa Groningen unacita cinthu colimba mtima. Unagawa pakati pa tauni m'zigawo 4. Wa motoka wofuna kucoka m'cigawo cimodzi kupita m'cina anayenera kutuluka ndi kuzungulira pa mseu wa kunja, pamene wapansi ndi wa njinga anali kudutsa molunjika. Eni masitolo ambiri anakana poopa kutaya makasitomala, koma tauniyo sinafe. Nayo khonsolo ya Amsterdam inasintha mapulani ake mu 1978, niyamba kucepetsa malo a mamotoka pakati pa mzinda.

Mu 1992 bungwe lofufuza za ngozi za pa mseu lochedwa SWOV linasonkhanitsa maganizo onsewa pamodzi pansi pa dzina lakuti Duurzaam Veilig, ndiko kuti citetezo cokhalitsa, ndipo boma ndi makhonsolo anagwirizana kuyamba kuwatsata mu 1997. Mfundo yake ndi yosavuta kumva. Munthu aliyense amalakwa, kaya ndi dalaivala kapena mwana, ndipo thupi la munthu ndi losalimba. Cotero mseu uyenera kumangidwa mwa njira yakuti kulakwa kumodzi kusathere ku manda. Pamene mamotoka amathamanga, njinga ipatsidwe njira yake yochingidwa. Pamene njinga ndi motoka ziyenera kuyendera pamodzi, monga m'makomboni, liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola. Cifukwa cake n'cakuti pa liwiro limeneli dalaivala amatha kuima msanga, ndipo munthu akagundidwa, kawirikawiri amapulumuka. Liwiro likakwera kufika pa 50 kapena kupitirira, mwayi wopulumuka umacepa kwambiri.

Makhoti nawonso anathandiza. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, motoka ikagunda mwana wosafika zaka 14, mwini motokayo kapena inshuwalansi yake ndiye amalipira zowonongeka zonse pafupifupi nthawi zonse. Ganizo lake ndi lakuti amene akuyendetsa cinthu coopsa ndiye asenze udindo waukulu.

ZIPATSO ZAKE

Mu 2013 anthu amene anafa pa miseu ya Netherlands anali 570, ngakhale kuti anthu ndi mamotoka anali ataculuka kwambiri kuposa mu 1971. Ana ofa pa mseu, amene kale anali oposa 400, anatsika kufika pansi pa 30 pa caka. Mu 2019 mzinda wa Utrecht unatsiriza kumanga malo osungiramo njinga 12,500 pa siteshoni ya sitima. Mu December 2023 Amsterdam inatsitsa liwiro kufika pa makilomita 30 pa ola m'miseu yake yambiri.

Komabe nchito sinathe. Mu 2022 anthu oposa 700 anafa pa miseu ya dzikolo, ndipo pafupifupi 290 mwa iwo anali ochova njinga, ambiri a iwo okalamba. Njinga zamagetsi zothamanga ndi mafoni a m'manja zabweretsa mavuto atsopano. N'cifukwa cake kuyambira pa 1 July 2019 ndi mlandu kugwira foni m'manja uku ukuchova.

UDINDO WA WOCHOVA

Ngakhale mseu ukhale wabwino cotani, wochova ali ndi mbali yake. Ana ambiri a ku Netherlands amalemba mayeso a malamulo a pa mseu asanatsirize sukulu ya pulaimale, ndipo ambiri amayesedwanso akuchova pa mseu weniweni. Zimene amaphunzira zingapulumutsenso inu amene mumachova mu Lusaka, mu Chipata kapena m'tauni ina iliyonse, kumene nthawi zambiri njinga imagawana mseu ndi maminibasi ndi mathiraki. Mungokumbukira kuti iwo amayenda kumanja kwa mseu, pamene ife timayenda kumanzere.

Coyamba, muzioneka. Usiku njinga ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, ndipo zovala zowala zimathandiza. Caciwiri, dalaivala azidziwa cimene mufuna kucita: yendani molunjika, osakhotakhota pakati pa mamotoka, ndipo musanakhote ceukani ndi kutambasula dzanja. Cacitatu, opani thiraki ndi basi pa mphambano. Pali malo ena m'mbali mwake amene dalaivala sangakuoneni ngakhale pa galasi, ndipo ikamakhota, mawilo akumbuyo amadula kona. Ngati simukuona nkhope ya dalaivala pa galasi lake, nayenso sakukuonani, imani kumbuyo. Cacinayi, podutsa motoka yoima siyani mpata, pakuti citseko cingatseguke mwadzidzidzi, ndipo minibasi imanyamuka osacenjeza. Cacisanu, yesani mabuleki ndi belu musanacoke pakhomo, foni ikhale m'thumba, ndipo makutu akhale cheru. Ku Netherlands lamulo silikakamiza wochova njinga wamba kuvala cisoti, koma madokotala a kumeneko amalimbikitsa, makamaka ana ndi okalamba. Pa mseu wopanda njira ya njinga, cisoti n'cofunika koposa.

Koma phunziro lalikulu la mbiriyi ndi lakuti kusamala kwa munthu mmodzi kuli ndi malire. Mutu umodzi susenza denga. Amene anasintha Amsterdam anali bambo wolira mwana wake, mayi wacitsikana ndi ana a sukulu a m'komboni. Anadziwa malo oopsa a kwawo, anagwirizana, napita kwa olamulira ndi pempho lomveka bwino, ndipo sanatope ngakhale kuti zinatenga zaka zoposa 20.

MAFUNSO OKAMBIRANA M'MAGULU

1. Ndi malo ati m'dera lanu amene ochova njinga ndi ana a sukulu amakumana ndi ngozi kawirikawiri? Cimacititsa n'ciani: liwiro, mdima, kapena kamangidwe ka mseu?

2. Pa njinga za mamembala a gulu lanu, ndi zingati zimene zili ndi mabuleki abwino, belu ndi nyali?

3. Kodi ndi pempho limodzi liti limene gulu lanu lingalembere khansala wa dera lanu kapena a hedi a sukulu, ndipo ndani adzapereka kalatayo?