Mphoto, Pumani ndi phunziro la ku Salima

M'chaka cha 2010, gulu la ophunzira a pa yunivesite ya Rice ku Houston, m'modzi mwa iwo Jocelyn Brown, linapanga makina othandiza mwana wakhanda kupuma pogwiritsa ntchito timapampu tomwe timapopera mpweya m'mathanki owetera nsomba. Inali ntchito ya kumapeto kwa maphunziro awo. Vuto limene ankafuna kuthana nalo linachokera ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe ana obadwa masiku asanakwane ankamwalira chifukwa mapapo awo anali osakhwima, ndipo makina a CPAP a m'maiko olemera ankagulidwa ndalama zokwana madola zikwi zingapo.

Kagwiridwe kake ntchito ndi kosavuta kumva. Mpweya umalowa m'mphuno mwa mwana kudzera m'timapaipi, ndipo paipi yotulutsa mpweya imamizidwa m'botolo la madzi. Paipiyo ikamizidwa kwambiri, mphamvu ya mpweya wotsala m'mapapo imachuluka, motero timatumba ta m'mapapo sitimafwafwanyika mwana akamapumira kunja. Madzi aja amachita thovu, ndipo namwino akaona thovu amadziwa kuti makina akugwira. Kuno kwathu anawatcha Pumani.

Mu 2012 Dr Kondwani Kawaza, Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzawo anayesa makinawa pa makanda 87 ku Queens. Mwa ana amene anaikidwa pa Pumani, 71 pa 100 alionse anapulumuka, poyerekeza ndi 44 pa 100 mwa amene analandira okisijeni yekha. Anawo sanagawidwe mwa maere ndipo anali ochepa, komabe kusiyanako kunali kwakukulu moti dziko linatchera khutu.

Kenako kunabwera mphoto. Mu 2013 aphunzitsi awiri a ku Rice, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, analandira mphoto ya Lemelson-MIT ya madola 100,000 ndipo anaipereka yonse kuti ikuzire chipinda cha makanda ku Queens. Chaka chomwecho kampani ya GSK pamodzi ndi Save the Children anapereka madola 400,000 ku bungwe la Friends of Sick Children kuti ntchitoyi ifalikire. Gawo lalikulu la ntchito yotsatira linali kuphunzitsa anamwino, chinthu chimene sichioneka pa zithunzi za tsiku lolandira mphoto koma ndi chimene chimapangitsa makina kukhala amoyo m'wodi.

Funso linatsala lakuti: ngati CPAP ikuthandiza makanda, kodi ingathandizenso ana okulirapo odwala chibayo? Ku Dhaka, m'dziko la Bangladesh, kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anaonetsa kuti imathandiza, koma kumeneko ana anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, madokotala ali pafupi. Gulu la Eric McCollum ndi Tisungane Mvalo linapita ndi funsoli ku chipatala cha boma cha Salima, komwe odwala amayang'aniridwa ndi anamwino ndi ma clinical officer, popanda dokotala woyendera wodi tsiku ndi tsiku. Anagawa mwa maere ana 644 a mwezi umodzi mpaka miyezi 59, onse odwala chibayo choopsa ndiponso okhala ndi vuto lina: kunyentchera, kachilombo ka HIV mwa iwo kapena mwa mayi awo, kapena okisijeni wochepa m'magazi.

Zotsatira, zomwe zinatuluka mu 2019, zinali zowawa. Mwa ana a pa CPAP anamwalira 17 pa 100 alionse, pomwe mwa ana a okisijeni wamba anamwalira 11 pa 100. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yake isanakwane.

Ine ndimaona kuti kafukufuku wa ku Salima ndi wolemera mofanana ndi wa ku Queens, ngakhale nkhani ngati imeneyi siikopa opereka mphoto. Mphoto zambiri zimatsata chipangizo chatsopano chimene chaonetsa kale kuti chikugwira. Wofufuza wachinyamata wofuna kudziwa kuti namwino m'modzi usiku angayang'anire ana angati a pa CPAP, kapena kuti mwana wotere adyetsedwe bwanji kuti chakudya chisalowe m'mapapo, amafunika ndalama asanadziwe yankho, ndipo yankholo likhoza kukhala lokhumudwitsa. Mafunso amenewa amayamba ndi inu a m'mawodi ndi alangizi a zaumoyo kumidzi, amene mumawerenga kapumidwe ka mwana ndi kuona chifuwa chikulowa m'kati asanafike kwa wofufuza aliyense.