Malaibulale ndi ufulu wodziwa zomwe boma likuchita

Pa 30 September 2020, lamulo la Access to Information Act, lomwe limapatsa anthu danga lopeza nkhani ndi zikalata za boma, lidayamba kugwira ntchito m'dziko muno. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamuloli mu December 2016 ndipo mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Peter Mutharika, adalisayinira mu February 2017. Padapita zaka zoposa zitatu nduna ya zofalitsa nkhani, Gospel Kazako, isadalengeze tsiku loliyambira. Mabungwe monga MISA Malawi adamenyera nkhondo lamuloli kwa zaka zambiri. Komabe, kuti ufuluwu ukhale waphindu kwa munthu wamba, pafunika malo omwe angapite kukawerenga, kukafunsa ndi kukathandizidwa, ndipo malo oyenera kwambiri ntchitoyi ndi laibulale.

Zomwe lamulo likunena

Gwero la ufuluwu ndi gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza nkhani zomwe boma ndi nthambi zake zikusunga ngati nkhanizo zikufunika kuti ateteze maufulu ake. Lamulo lija lidadzafotokoza njira yake. Unduna, khonsolo kapena bungwe la boma liyenera kusankha mkulu wolandira mapempho a anthu, ndipo pempho liyenera kuyankhidwa pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Nthambi za boma ziyeneranso kutulutsa zokha nkhani zina zofunika popanda kudikira kuti wina apemphe. Nkhani zokhudza chitetezo cha dziko komanso zinsinsi za munthu payekha zili m'gulu la zomwe boma lingakane kupereka. Bungwe loona za maufulu a anthu la Malawi Human Rights Commission ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira momwe lamuloli likutsatidwira.

Vuto lili pa kufikira zikalatazo. Zambiri mwa izo, monga ndondomeko ya zachuma, malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma ndi zokambirana za aphungu, zimalembedwa m'Chingerezi chovuta ndipo zimaikidwa pa intaneti. Mayi wa ku Ndirande amene akufuna kudziwa ndalama zomwe zidaperekedwa pomanga mlatho m'dera lake afunika foni yamakono, ndalama zogulira bandulo, komanso wina womulozera chikalata choyenera. Woyang'anira laibulale adaphunzitsidwa ntchito imeneyi: kusanja, kufufuza ndi kutsogolera wowerenga kufikira atapeza chomwe akufuna.

Malaibulale omwe tili nawo

Bungwe la National Library Service lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la 1967. Likulu lake lili ku City Centre mumzinda wa Lilongwe, ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena. Limayendera thandizo la ndalama zochokera ku boma, pomwe mabuku ambiri limalandira kwa abwenzi akunja monga Book Aid International ya ku Britain. Mphatso zoterezi ndi zothandiza, koma sizingadzaze mashelefu ndi mabuku a m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, ngakhalenso malipoti a makhonsolo athu. Zimenezi n'zofunika kuti tigule kapena kusonkhanitsa tokha.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, nkhokwe ya zikalata zakale za boma. Lamulo la Printed Publications Act la 1947 limakakamiza aliyense wosindikiza buku m'dziko muno kupereka kope lake kumeneko kuti lisungidwe. Ofufuza mbiri amadaliranso laibulale ya Society of Malawi yomwe ili ku Mandala House mumzinda wa Blantyre. Sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu imaphunzitsa ntchito yoyang'anira malaibulale, ndipo ogwira ntchitoyi ali ndi bungwe lawo la Malawi Library Association.

Phindu ndi chiopsezo

Nkhani ya William Kamkwamba wa kwa Wimbe m'boma la Kasungu ikuonetsa zomwe laibulale yaing'ono ingachite. Atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulayimale ya kwawo. Kumeneko adapeza buku lotchedwa Using Energy, lomwe lidamupatsa nzeru zopangira makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa. Mbiri yake idalembedwa m'buku mu 2009 ndipo idasanduka filimu mu 2019.

Chiopsezo chake chidaonekera mu December 2015 pomwe moto udanyeketsa laibulale ya sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu pamodzi ndi mabuku zikwizikwi. Ngozi ija idakumbutsa anthu kuti chikalata chomwe chili ndi kope limodzi lokha chitha kutha usiku umodzi. N'chifukwa chake kujambula zikalata zofunika ndi kuzisunga pa kompyuta, komanso kuika zipangizo zozimitsira moto m'nyumba za mabuku, ndi ntchito yoyenera kuipatulira ndalama.

Zomwe maiko adagwirizana

Mu 2014 bungwe la malaibulale pa dziko lonse la IFLA lidatsogolera chikalata cha Lyon Declaration, chopempha kuti mwayi wopeza nkhani ukhale m'gulu la zolinga za chitukuko. Chaka chotsatira, maiko a mu United Nations, kuphatikizapo Malawi, adavomereza zolinga 17 za chitukuko chokhazikika, ndipo ndime 16.10 ikunena za kuonetsetsa kuti anthu akupeza nkhani. Tsiku la 28 September lidapatulidwa kuti chaka chilichonse dziko lapansi lizikumbukira ufuluwu. Kuno kwathu, masomphenya a Malawi 2063 omwe adakhazikitsidwa mu January 2021 akutsindika kusintha kaganizidwe ndi kutukula luso la anthu, zinthu zomwe zimadalira kuwerenga.

Pomwe ndondomeko ingayambire

Njira zolumikizira lamulo ndi malaibulale zilipo ndipo zina sizifuna ndalama zambiri. Unduna ndi khonsolo iliyonse itha kulamulidwa kutumiza ndondomeko yake ya zachuma, mapulani a chitukuko ndi malipoti a thumba la CDF ku laibulale ya m'dera lake, limodzi ndi chidule cha m'zinenero zathu. Mafomu opemphera nkhani atha kupezeka pa tebulo la woyang'anira laibulale, iye ataphunzitsidwa kuthandiza anthu kuwadzaza. Intaneti yaulere ndi magetsi oyendera dzuwa m'malaibulale zingathandize anthu ambiri pa mtengo umodzi. Makhonsolo nawonso atha kupatula malo a laibulale monga momwe amapatulira a misika ndi madepoti.

Zonsezi zimatengera ndalama zomwe aphungu amavomereza chaka ndi chaka. Wowerenga amene akufuna kudziwa zomwe National Library Service yapatsidwa chaka chino ali ndi ufulu wofunsa, ndipo lamulo likulamula kuti ayankhidwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito.