Nkhata ya Malume

Sendera kuno mdzukulu wanga, ukhale pa thumba la makalali. Dzuwa likafika paliwombo chonchi ogula amachepa muno m'Maramba. Wati aphunzitsi anakutengerani ku mathithi, mwakaona chipilala cha nkhondo chija, ndipo wawerenga maina onse koma la kwathu sunalipeze. Sukanalipeza, mwanawe. Maina ali pamenepo ndi a azungu a dziko lino amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Komatu ifenso nkhondo imeneyo inatidyera munthu, malume awo a amayi anga.

Nkhaniyi ndinaimva kwa agogo anga aakazi, mlongo wawo wa malemuwo, tikusola chimanga pakhonde kwathu kum'mawa, kufupi ndi Chipata. Kalelo ankati Fort Jameson.

Masiku amenewo likulu la dziko linali Livingstone yemwe uno. Ku Lusaka boma linachita kusamukira mu 1935. Dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa, ndipo apolisi ake, amene likulu lawo linali kuno, ndi amene anatumizidwa kukamenyana ndi Ajeremani kumalire a kumpoto, cha ku Abercorn, komwe lero timati Mbala. Sitima inkafika ku Broken Hill ndi ku Ndola, koma kuchoka pa njanji kukafika kunkhondoko unali ulendo wa masabata. Ng'ombe zokoka ngolo zinkafa ndi kashembe, misewu inali matope okhaokha nthawi ya dzinja. Ndiye ufa, mchere, zipolopolo ndi mahema zinayenda pamitu pa anthu. Ntchito imeneyo ankaitcha mtengatenga.

Agogo ankati mesenjala wa boma anafika m'mudzi m'mawa, nyakwawa nkuuzidwa kuti ipereke amuna. Panalibe zofunsa ngati munthu akufuna. Malumewo anali mnyamata wongokwatira kumene, ndipo tsikulo ankaluka nkhokwe, italekeza m'chiuno. Anaisiya momwemo. Amayi awo anawamangira mtedza wokazinga m'kansanza. Agogo angawo, pokhala kamtsikana kopanda choti nkupereka, anang'amba m'mphepete mwa nsalu yawo yokhayo, nkupota nkhata, nkuwapatsa achimwene awo kuti mutu usamawapweteke. Mpaka ukalamba wawo, akafika pamenepa ankasiya kusola, manja ali chete pa lichero.

Ukuliona thumba la ufa la makilogalamu 25 lili pa sitolo apolo? Katundu wa munthu mmodzi ankaposa pamenepo pang'ono. Iwe ukalisenza kuchoka pano kukafika kunyumba umafika ukudandaula khosi. Iwo ankalisenza tsiku lathunthu, mawa lake chimodzimodzi, opanda nsapato, mvula ikuwathera pathupi, usiku nkugona pansi ponyowa. Chakudya chawo chinkachokera m'katundu yemweyo, ndiye ulendo ukatalika phoso linkachepa. Ambiri anafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, mfuti asanaimve nkomwe.

Mwa amuna amene anachoka nawo limodzi, wina anabwerako ataonda ngati bango, mapazi ali zilonda. Iyeyo ndiye anabweretsa uthenga. Anati malume anayamba kutsegula m'mimba mwa magazi, nkuyendabe masiku atatu katundu ali pamutu. Tsiku lachinayi anakhala pansi pa mtengo, osadzukanso. Anzawo anakumba kadzenje ndi zisonga, nkuwakwirira, nkuunjikapo nthambi zaminga kuopa afisi. Kapitawo anali kale patsogolo akuitana. Katundu wawo anamusenzetsa wina.

Kumudzi analira maliro opanda mtembo. Anameta monga mwa mwambo, koma panalibe manda oti nkukasesa. Misozi isanaume, chakumapeto kwa 1918 kunabuka fuluwenza yomwe inapululutsa midzi, moti za amene anafera kutali anthu anasiya kuzikamba. Nkhondo nayo inathera m'dziko lomwe lino: mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, analeka kumenya pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala 1918, nkukapereka zida ku Abercorn pa 25 mwezi womwewo.

Usaganize kuti anthu akuda onse anangokhala chete. Tsidya la ku Nyasaland, John Chilembwe analemba kalata mu 1914 yodandaula kuti osauka akutengedwa kukafera nkhondo yomwe si yawo. Kalata imeneyo malume sanaione, koma inkanena za iwo.

Ine ndili ndi mphamvu zanga ndinkapita ndekha ku Mpulungu kukaoda kapenta. Ulendo wina basi inatichedwetsa pa Mbala, ndipo mayi wina wogulitsa nthochi anandilozera chipilala cha amtengatenga. Ndinapempha mwana wasukulu kuti andiwerengere. Anati chikukumbutsa amuna 1,467 a dziko lino amene anafa akusenza katundu wa nkhondo. Ndinati, werenga maina. Anati palibe maina, mayi, pali nambala yokha. Ku Zomba, pa nsanja ya asilikali a King's African Rifles, maina analembedwa. Wosenza katundu sanamuyese woyenera cholembera. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa powatenga m'mudzi anawaitana ndi dzina, msonkhonso ankawalemba ndi dzina. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu akuda ndi amwenye oposa 100,000 sanakumbukiridwe ndi maina monga anachitira ndi azungu.

Tsiku limenelo pa Mbala ndinagwada patsinde pa chipilalacho, anthu akundiyang'ana. Ndinatapa ufa pang'ono m'kamba wanga, nkuthira pansi, nkutchula dzina la malume katatu, ndi mfunda wawo, ndi mudzi wawo. Nditabwerako ndinabereka bambo ako, ndipo dzina limene umawamva azakhali ako akuwaitana nalo, losakhala la kutchalitchi lija, ndi lomwelo.

Tulutsa kope lako m'chikwamamo. Lemba dzinalo pamwamba, kenaka mudzi, kenaka dzina la mlongo wawo amene anapota nkhata. Ulembe zilembo zikuluzikulu, maso angawa aone nawo.